Sipika yomwe ndinawotcha, ndi kompyuta yodzilumikizira yokha pulogalamu

Temu yatha ndinawotcha sipika ya pasukulu. Inde, ineyo, amene ndimakuphunzitsani za mavoti ndi ma ampere. Linali Lolemba m'mawa, asembule ili pafupi kuyamba, chaja ya sipika osaoneka. Ndinathamangira mu ofesi ya aphunzitsi n'kutola chaja ya laputopu yomwe inali patebulo. Kamutu kake kanali kofanana ndendende ndi ka chaja yosowayo. Ndinakalowetsa, ndipo kanalowa bwinobwino ngati kwawo. Sipika inangoti thi! Kenako kafungo ka pulasitiki wopserera. Nditatembenuza chaja ija ndinawerenga 19 V. Kumbuyo kwa sipika kunalembedwa 12 V. Ndinagula ina ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo mwezi umenewo kunyumba ndiwo inali bonya mpaka tsiku lolandira.

Sabata yomweyo msuweni wanga anafika kuchokera ku Joni atanyamula ketulo yamagetsi. Pulagi yake inali ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu kuno ndi a mabowo a makona. Inakana kulowa. Chonsecho magetsi a ku South Africa ndi athu a ESCOM ndi ofanana, pafupifupi 230 V, moti ikanalowa ketuloyo ikanagwira ntchito popanda vuto.

Taonani zinthu ziwirizi. Chaja yoopsa inaloledwa kulowa. Pulagi yosalakwa inakanizidwa. Konseko vuto linali limodzi: maonekedwe a polumikizira sankanena zoona zenizeni za chinthu chimene chikudutsapo. Lero ndikufuna ndikuonetseni kuti nkhani imeneyi ndi imene ili pakatikati pa ntchito ina yaikulu ya akatswiri a kompyuta: kupangitsa kompyuta kuti izisankha yokha zidutswa za mapulogalamu zomwe zilipo kale, n'kuzilumikiza kukhala pulogalamu yatsopano, popanda kuwotcha sipika.

Palibe amene amayambira pa dothi

Wokonza njinga za kabaza pamsika sasula yekha tcheni kapena masipoko. Amagula zopangidwa kale, ntchito yake n'kudziwa chimene chikwanire pati. Mmisiri wa injini za maboti kudoko nayenso chimodzimodzi.

Kale olemba mapulogalamu sankachita choncho. Aliyense ankayambira pachiyambi, ngati womanga nyumba amene akuumba yekha njerwa, kucheka yekha matabwa, kusula yekha misomali. Mu 1968, pamsonkhano wa akatswiri ku Garmisch m'dziko la Germany, Douglas McIlroy anadandaula za zimenezi. Iye anati mapulogalamu azipangidwa ndi zidutswa zokonzedweratu, zoti munthu angosankha pamndandanda monga amachitira amisiri a zamagetsi. Lero maganizo akewo ndi amene akugwira ntchito. Pulogalamu iliyonse ya mufoni yanu ili ndi zidutswa zambirimbiri zolembedwa ndi anthu osadziwana: china chojambula batani, china chotumiza uthenga, china chowerengera masiku.

Koma zidutswa zikachuluka pamabuka mavuto awiri. Loyamba, upeza bwanji chimene ukufuna pakati pa zikwizikwi? Lachiwiri, udziwa bwanji kuti ziwiri zimene walumikizazo n'zogwirizanadi? Yankho la mafunso onse awiri ndi liwu limodzi: mtundu.

Mtundu n'chiyani? Mumaudziwa kale

Ndikakudulani malikisi chifukwa mwalemba "20" osaika yuniti, mumati Sala ndi ankhanza. Koma 20 chiyani? Mamita? Masekondi? Mbuzi? Mu Physics nambala siyenda yokha. Simungaphatikize 5 m ndi 3 s. Mukachulukitsa kg ndi m/s², chotuluka ndi newton, ndipo yankho lanu la force likatuluka mu ma joule, mukudziwa kuti mwalakwitsa penapake ngakhale musanaone pamene mwalakwitsapo. Yuniti ndi mtundu wa nambalayo.

M'kati mwa kompyuta zonse ndi 0 ndi 1 basi. Payokha kompyuta sidziwa ngati 12 ndi mavoti, zaka za mwana kapena mtengo wa chinthu. Ndiye olemba mapulogalamu amamata chizindikiro pa chinthu chilichonse: ichi ndi nambala yathunthu, ichi ndi mawu, ichi ndi deti, ichi ndi inde kapena ayi. Chizindikiro chimenechi ndiye mtundu, pa Chingerezi type.

Chidutswa cha pulogalamu nachonso chili ndi mtundu wake. Mtunduwo umanena zinthu ziwiri: chimalandira chiyani, ndipo chimatulutsa chiyani. Timalemba ndi kamuvi. Chigayo, mwachitsanzo, mtundu wake ndi

Chimanga → Ufa

Lamulo lolumikizira ndi limodzi lokha: chotuluka m'chidutswa choyamba chikhale mtundu umene chidutswa chachiwiri chimalandira. Chigayo chikhoza kutsogolera mphika wa nsima chifukwa mphikawo umalandira ufa. Sichingatsogolere injini ya boti.

Amene munagwirako Scratch, pulogalamu yophunzitsira ana imene inapangidwa ku MIT ku America, munaziona ndi maso. Timabuloko ta inde kapena ayi tili ndi makona asanu ndi limodzi, ta nambala ndi tobulungira m'mbali. Kabuloko kobulungira sikalowa pamalo a makona. Pamenepo mtundu ukuoneka ngati pulagi ndi soketi.

Chombo chimene chinasowa chifukwa cha yuniti

Mwina mukuti sipika ndi nkhani yaing'ono. Imvani iyi. Pa 11 December 1998 bungwe la NASA linatumiza chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter kuti chikazungulire pulaneti ya Mars. Chinayenda miyezi yoposa 9. Pa 23 September 1999, chikufika, chinasowa osamvekanso.

Atafufuza anapeza kuti pulogalamu ina inkatulutsa manambala a kukankha kwa timainjini ta chombocho mu pound-force second, muyeso umene amagwiritsa ntchito ku America. Pulogalamu yolandira inkawatenga manambalawo ngati ali mu newton second. Pound-force imodzi ndi pafupifupi 4.45 N. Choncho nthawi iliyonse timainjini tikayaka, owongolera ankawerengera kukankha kochepa kuposa kwenikweni. Chombo chimene chinayenera kudutsa pamtunda wa makilomita pafupifupi 226 kuchokera pa Mars chinatsika mpaka pafupifupi 57, m'kati mwa mpweya wa pulanetiyo.

Zidutswa ziwirizo chilichonse pachokha chinkawerengera molondola. Polumikizira ndi pamene panali bodza. China chinkati "ndikutulutsa nambala", chinzake n'kumati "ndikulandira nambala". Kamutu kanalowa bwinobwino, ngati chaja yanga ija. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano zilipo zilankhulo zolembera mapulogalamu, monga F# ya kampani ya Microsoft, zimene zimalola kumata yuniti pa nambala, moti ukaphatikiza mamita ndi masekondi pulogalamuyo imakana isanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Maganizowa anachokera kuti?

Chodabwitsa n'chakuti chiphunzitso cha mitundu, type theory, chinabadwa kompyuta zisanabwere. Chinayamba ndi vuto la masamu, pa mutu wa maseti umene mumaphunzira.

Mu 1901 Bertrand Russell wa ku Britain anadzifunsa za seti ya maseti onse amene sali m'kati mwa iwo eni. Kodi seti imeneyo ili m'kati mwa iyo yokha? Anthu amakonda kulifotokoza funsoli ndi nkhani ya wometa. Pamudzi pali wometa amene amameta amuna onse osadzimeta okha, ndipo sameta wina aliyense wodzimeta yekha. Nanga iyeyo amam'meta ndani? Akadzimeta, ndiye kuti ndi wodzimeta yekha, sayenera kumetedwa ndi wometayo, amene ndi iye mwini. Akapanda kudzimeta, ali m'gulu la oyenera kumetedwa ndi wometa. Kulikonse wagwidwa.

Mu 1902 Russell analembera kalata Gottlob Frege wa ku Germany, amene anali atatha zaka akumanga maziko a masamu pa maseti, kumuonetsa mng'alu umenewu. Mu 1908 Russell anatulutsa mankhwala ake: zinthu ziikidwe m'mitundu, ngati masitepe. Pansi pali zinthu wamba, pamwamba pake maseti a zinthu, pamwamba pakenso maseti a maseti. Funso lakuti "kodi seti ili m'kati mwa iyo yokha?" silikhalanso funso lovuta, limangokhala funso losaloledwa, ngati kuphatikiza mamita ndi masekondi. Mu 1940 Alonzo Church wa ku Princeton anatenga maganizo a mitundu n'kuwaika pa ma function, aja a f(x) a m'kalasi ya masamu. Kamuvi kathu ka chigayo kaja ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Tiyeni timange pulogalamu ya mayi wa geni ya usipa

Tsopano tibwere kudoko kuno ku Nkope. Tiyerekeze mayi amene amagula usipa m'mamawa asodzi akamakocheza, amauyanika pathandala, kuulongedza m'matumba n'kutumiza kumsika wa Limbe. Akufuna kapulogalamu kamufoni: alembe chiwerengero cha ndowa zimene agula, kenako alandire uthenga wowauza ndalama zimene angayembekezere.

Tiyerekezenso kuti pashelefu tili ndi zidutswa 7 zolembedwa kale ndi anthu ena. Sititsegula m'kati mwake. Tingowerenga zizindikiro:

YEZA: Ndowa → Kilo za wauwisi
YANIKA: Kilo za wauwisi → Kilo za wouma
LONGEDZA: Kilo za wouma → Matumba
GULITSA: Matumba → Kwacha
SINTHA: Kwacha → Randi
LEMBA: Kwacha → Uthenga
THIRA: Malita a petulo → Kwacha

Mayi aja sauza kompyuta njira. Amangoiuza chimene ali nacho ndi chimene akufuna:

Ndowa → Uthenga

Kompyuta imayambira kumapeto, ngati munthu wolondola mapazi a mbuzi yosochera. Ndani amatulutsa Uthenga? LEMBA yekha. LEMBA amafuna chiyani? Kwacha. Ndani amatulutsa Kwacha? Alipo awiri, THIRA ndi GULITSA. Iyesa THIRA: amafuna malita a petulo. Tili nawo? Ayi. Alipo wotulutsa malita pashelefu? Palibe. Njira yatsekeka, ibwerera. Iyesa GULITSA: amafuna Matumba. LONGEDZA amatulutsa Matumba, koma amafuna wouma. YANIKA amatulutsa wouma, amafuna wauwisi. YEZA amatulutsa wauwisi, amafuna Ndowa. Ndowa tili nazo! Basi, yatha:

YEZA, YANIKA, LONGEDZA, GULITSA, LEMBA.

Taonani zimene zachitika. Palibe munthu anauza kompyuta kuti usipa umayamba wauma usanalowe m'thumba. Kompyuta sidziwa fungo la usipa wowola. Koma LONGEDZA salandira wauwisi, ndiye YANIKA sangadumphidwe. SINTHA sanagwiritsidwe ntchito chifukwa palibe anafuna marandi. Mawa wina wa ku Joni akafunsa Ndowa → Randi, shelefu yomweyo itulutsa pulogalamu ina. Ndipo mukanati muzingosanja zidutswa 5 mwa 7 mwachisawawa, njira zake ndi 7 × 6 × 5 × 4 × 3, zomwe ndi 2,520. Yolondola ndi imodzi yokha. Mitundu ndi imene yadula zina zonsezo.

N'chifukwa chiyani njirayi ili yodalirika?

Apa ndi pamene ine ndimakomedwa. Tamvani ziganizo izi, zimene aliyense wa kunyanja akuzidziwa. Mwera ukawomba, asodzi salowa m'madzi. Asodzi akapanda kulowa m'madzi, nsomba zimasowa. Nsomba zikasowa, mtengo umakwera. Ndiye mwera ukawomba, mtengo umatani? Umakwera. Mwalumikiza "kukachitika A, kuchitika B" ndi "kukachitika B, kuchitika C" n'kupeza "kukachitika A, kuchitika C".

Tsopano lembani ziganizozo ndi timivi: A → B, B → C, choncho A → C. Kodi si zomwe zija tachita ndi usipa? Haskell Curry anayamba kuona kufanana kumeneku m'zaka za m'ma 1930, ndipo William Howard anakufotokoza mokwanira mu 1969. Anaonetsa kuti mtundu uli ngati chiganizo chofuna umboni, ndipo pulogalamu ya mtundu umenewo ndiyo umboni wake. Kupeza pulogalamu ya Ndowa → Uthenga n'chimodzimodzi kutsimikiza kuti "ndikakhala ndi ndowa, ndikhoza kufika pa uthenga". Choncho njira zimene akatswiri a masamu anakonza zofufuzira umboni zikhoza kugwiranso ntchito yofufuza mapulogalamu.

Akatswiri amalifunsa funsoli ngati munthu wofika pakhomo n'kuodira: mtunduwu uli ngati nyumba, kodi muli munthu? Ngati alimo, kompyuta imamutulutsa, ndiye pulogalamu yathuyo. Ngati mulibe, imanena kuti ndi zidutswa zimene zilipozi sizitheka. Yankho lachiwirili nalonso ndi lothandiza, chifukwa likukuuza kuti pakufunika chidutswa chatsopano.

M'zaka za m'ma 1970 Per Martin-Löf wa ku Sweden anakulitsa chiphunzitsochi kuti mtundu uzitha kunena zambiri, monga "mndandanda wa manambala 10 ndendende". Pa maziko oterowo pamangidwa mapulogalamu monga Agda, Coq ndi Lean, amene amayesa umboni wa masamu sitepe ndi sitepe osalola kudumpha.

Chizindikiro chiyenera kunena zokwanira

Tibwerere kushelefu kuja, chifukwa ndabisapo msampha. GULITSA amatulutsa Kwacha. THIRA nayenso amatulutsa Kwacha. Koma za GULITSA ndi ndalama zolowa, za THIRA ndi ndalama zotuluka. Tsiku limene mayi aja adzalembanso malita a petulo wa boti, kompyuta ikhoza kulumikiza THIRA ndi LEMBA n'kuwatumizira uthenga wakuti apeza ndalama zakuti, chonsecho ndi ndalama zimene awononga. Malinga ndi zizindikiro palibe cholakwika. Ndi 19 V ija yalowanso pa 12 V.

Mankhwala ake ndi kulemba chizindikiro chonena zambiri: Kwacha zolowa, Kwacha zotuluka. LEMBA azilandira zolowa zokha. Koma osapitiriranso muyeso. Mukalemba kuti LONGEDZA amalandira "usipa wouma woyanikidwa ku Nkope Lachiwiri", adzakana usipa wabwinobwino wa ku Makawa kapena ku Malembo. Imeneyo ndiye ketulo ya msuweni wanga: kukana chinthu chosalakwa. Luso lagona pakulemba chizindikiro chotchinga zoopsa zokha.

Njira imodzi yochitira zimenezi ndi kulola chinthu chimodzi kukhala ndi zizindikiro zingapo nthawi imodzi. Tiwonjezere zidutswa ziwiri: FUTSA, amene amalandira wauwisi n'kutulutsa wofutsa, ndi YANIKANSO, amene amalandira wofutsa n'kutulutsa usipa umene uli wouma komanso wofutsa. Mukafunsa kuti Ndowa → wouma, kompyuta ikupatsani mayankho awiri, njira yongoyanika ndi njira yoyamba kufutsa, chifukwa usipa wouma komanso wofutsa ndi woumabe. Mukafunsa kuti Ndowa → wouma komanso wofutsa, yankho litsala limodzi. Funso likamanena zambiri, mayankho amachepa.

Zimenezi si maloto. Ku yunivesite ya TU Dortmund ku Germany, Jakob Rehof ndi anzake akhala akupanga chida chotere kuyambira cha m'ma 2013. Amachitcha Combinatory Logic Synthesizer. Umachipatsa shelefu ya zidutswa zokhala ndi zizindikiro zingapozingapo, n'kuchiuza mtundu wa chimene ukufuna, ndipo chimatulutsa njira zonse zolumikizira zimene zikukwanira. Achigwiritsa ntchito pomanga mapulogalamu komanso ndondomeko za kayendedwe ka ntchito, kuti sitepe iti itsogole ndipo iti itsatire. Palinso Hoogle, chida chofufuzira cha olemba m'chilankhulo cha Haskell, chomwe dzina lake linachokera kwa Curry uja. Mmenemo sulemba dzina la chidutswa chimene ukufuna. Umangolemba mtundu wake, chimalandira chiyani n'kutulutsa chiyani, ndipo chimakubweretsera zidutswa zokwanira pamenepo.

Zimene mitundu singathe

Ndisakunamizeni kuti vuto latha. Pali malire atatu.

Oyamba: kompyuta imakhulupirira chizindikiro. Ngati m'kati mwa GULITSA muli mtengo wa chaka chatha, pulogalamu ilumikizika bwinobwino n'kupereka yankho labodza. Yuniti yolondola sitanthauza kuti nambala ndi yolondola; inunso mumalemba newton kumapeto kwa yankho lolakwa.

Achiwiri: chimene sichinalembedwe sichitetezedwa. Pa 4 June 1996 roketi yatsopano ya mayiko a ku Ulaya, Ariane 5, inanyamuka ku Kourou m'dziko la French Guiana itanyamula masetilaiti anayi. Patangotha masekondi pafupifupi 40 inapatuka panjira n'kuphulika. Chidutswa china cha pulogalamu yake chinatengedwa ku roketi yakale, Ariane 4, kumene chinagwira ntchito zaka zambiri popanda vuto. Chidutswacho chinkaika nambala ina yokhudza liwiro lopita cham'mbali m'kabokosi kokwana manambala osapitirira 32,767. Pa Ariane 4 nambalayo sinkafika pamenepo. Ariane 5 inkathamanga cham'mbali mofulumira kwambiri, nambala inasefukira, kompyuta yowongolera inazima, ndipo yothandizira nayo inali itazima kale pa chifukwa chomwecho. Chidutswacho chinali ndi lamulo lobisika lakuti "ndimalandira nambala yaing'ono yokha", koma amene anachisamutsa sanaliyese pa ulendo wa roketi yatsopanoyo. Kugwiritsanso ntchito chidutswa chakale n'kwabwino, koma safunsa anadya phula.

Achitatu: zizindikiro zikamanena zambiri, kufufuza kumalemera. Shelefu yathu ya zidutswa 7 mwaithetsa ndi mutu. Ya zidutswa zikwi zambiri imafuna nthawi yaitali, ndipo akatswiri a masamu anatsimikiza kuti pa mitundu ina yamphamvu kwambiri palibe njira imene ingayankhe nthawi zonse funso lija lakuti "muli munthu?". Choncho opanga zida zotere amasankha mosamala: mitundu yonena zokwanira, koma yoti kompyuta ithe kumaliza kufufuza.

Ena mwa inu mwayesako mapulogalamu a AI amene amalemba pulogalamu ukangowauza m'mawu. Amenewo amagwira ntchito mosiyana: amalosera zimene zikuoneka zoyenera potengera zitsanzo zambiri zimene anaziona, ndipo nthawi zina amalakwitsa molimba mtima. N'chifukwa chake kuyesa mitundu kukufunika kwambiri tsopano kuposa kale. Wina alembe mwaliwiro, koma pakhomo pakhale mlonda woona ngati pulagi ikukwanadi.

Nanga kuno kwathu?

Kompyuta yodzimangira yokha pulogalamu mwina simuiona pamsika wa Mangochi mawa. Koma mitundu ndi zidutswa mumakumana nazo kale. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala pogwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, imene mayiko ambiri amaigwiritsanso ntchito. Malawi sanailembe kuyambira pa dothi. Anaitenga n'kuikonza kuti igwirizane ndi mafomu athu. M'menemo bokosi lililonse lili ndi mtundu wake: ili ndi la nambala, ili ndi la deti, ili ndi la inde kapena ayi. Bokosi la chiwerengero cha odwala malungo silingalandire mawu akuti "ambiri".

Mukatumiza ndalama kuchokera ku Airtel Money kupita ku TNM Mpamba kapena ku banki, makompyuta a makampani osiyana amalankhulana. Zimatheka chifukwa anagwirizana maonekedwe a uthenga: apa pakhala nambala ya wolandira, apa kuchuluka kwa ndalama, apa mtundu wa ndalamayo. Mapulogalamu amenewa analumikizidwa ndi anthu, osati ndi makina, koma funso limene anthuwo ankadzifunsa ndi lomwe lija: chikutuluka apa n'chiyani, ndipo chikulandiridwa apo n'chiyani? Amene mudzapite ku MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, UNIMA ku Zomba kapena Mzuni kukaphunzira za kompyuta mudzalipeza funsoli likukudikirani chaka choyamba.

Kayeseni nokha

Simufunika kompyuta. Dulani timapepala 8 kuchokera ku katoni ya sopo. Pa kalikonse lembani dzina la chidutswa, kumanzere chimene chimalandira, kumanja chimene chimatulutsa. Tengani mafomula a magetsi a Fomu 3: kena kalandire volt ndi ampere n'kutulutsa watt, kena kalandire watt ndi sekondi n'kutulutsa joule, kena kasandutse maola kukhala masekondi, kena kalandire volt ndi ohm n'kutulutsa ampere. Ikaninso tina tosafunika, tosokoneza. Kenako mupatseni mnzanu funso ili: ndili ndi batire ya sola ya 12 V, babu ya ma ohm odziwika, ndi maola amene yayaka, ndikufuna ma joule. Lamulo ndi lakuti asakumbukire fomula iliyonse, angoyang'ana zizindikiro, kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Muona kuti afika. Muonanso kuti kapepala kolandira zinthu ziwiri kamagawa njira pawiri, ndipo nthambi zonse ziwiri ziyenera kukafika pa zimene muli nazo. Akakanirira, funsani kuti kakusowa ndi kapepala kati. Mukatero mwachita ndi manja zimene makina a ku Dortmund amachita ndi magetsi.

Ndipo pa mayeso a MSCE, funso la Physics likakuzunguzani, chitani zomwezo. Lembani mayuniti a zimene mwapatsidwa, lembani yuniti ya chimene akufuna, kenako fufuzani fomula yotulutsa yuniti imeneyo n'kubwerera m'mbuyo.

Sipika yatsopano ija ili mu ofesi. Ndinatenga penti wofiira n'kulemba 12 V ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa bowo lake, n'kulembanso 12 V pa chaja yake. Chaja ya laputopu ndinailemba 19 V ndi penti woyera. Mnyamata wina wa Fomu 2 atandipeza ndikupenta anafunsa kuti, "Sala, simesa zinalembedwa kale kumbuyoko?" Zoona, zinalembedwa. Koma zinalembedwa pamalo poti munthu wothamangira asembule sayang'anapo. Lachisanu bwerani ndi timapepala tanu tija, tidzaone gulu limene lidzayambe kufika pa ma joule.